Mahatchi a papepala ndi msewu wa ku Zóbue

Mwana wa achemwali anga amagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Zaka zitatu wakhala akusunga ndalama, ndipo mtima wake suli pa ng'ombe kapena pa malata a nyumba. Akufuna njinga yamoto yothamanga, zija wokwera amachita kugonera pathanki. Mwezi wathawu anafika kuno ku Ulongwe foni ili m'manja, n'kundionetsa zithunzi za njinga ziwiri zimene zikugulitsidwa ku Johannesburg. Ina inali Yamaha R6 yoyendapo kale, ya injini ya masilinda anayi, ina Yamaha R7 yatsopanoko, ya masilinda awiri.

"Amalume, taonani," anatero. "Iyi ili ndi mahatchi 118, iyi 73 basi. Mtengo sukusiyana kwenikweni. Munthu wanzeru angasiye 118 n'kutenga 73?"

Ndinamuyankha kuti inde, munthu wanzeru wokhala m'chigawo cha Tete angatero, ndipo sanganong'oneze bondo. Anandiyang'ana ngati ndamulanda nsima pakamwa. Tinakambirana mpaka mdima, koma zambiri zinatsala, n'chifukwa chake ndati ndizilembe, poti anyamata amene ali ndi funso lomweli ndi ambiri masiku ano, ku Moatize, ku Matundo, ngakhale kuno kumapiri.

Ndinene poyera kuti ine sindidana ndi masilinda anayi. Ndinayambira pa Lifo ngati wina aliyense wa kuno, kunyamula matumba a mbatatesi kupita nawo kumsika, ndipo tsiku loyamba kumva njinga ya masilinda anayi ikulira pamwamba, thupi lonse linachita tsembwe. Kulira kumene kuja sikuiwalika. Ndakwerapo zingapo, ndamasulapo injini zake, ndipo ndimalemekeza anthu amene anazipanga. Koma njinga yanga ndi Suzuki SV650, ya masilinda awiri, ndipo ndinaisankha maso ali gwa. Pa misewu yathu ino, pa kutentha kwathu kuno, ndi thumba la munthu wolandira kumapeto kwa mwezi, masilinda awiri ndiwo amapereka zambiri zimene munthu angazigwiritse ntchito.

Kuti timvane, ganizirani mtondo. Atsikana anayi azungulira mtondo umodzi, aliyense ndi kamusi kopepuka, akusinja mopatsana mpata, di-di-di-di, osadukiza. Chapafupi pali amayi awiri a misinkhu yawo, misi yawo yolemera, akusinja du-du, kupuma pang'ono, du-du. Onse akukonola chimanga chomwecho, koma kagwedwe ka musi n'kosiyana. M'injini za njinga zimenezi silinda iliyonse imaphulitsa petulo kamodzi pamene kilanki, chitsulo chimene mapisitoni amachizunguza, yazungulira kawiri, ndiwo madigiri 720. Masilinda akakhala anayi omwe ali mumzere, kuphulika kumabwera pa madigiri 180 alionse, mofanana ndendende. Akakhala awiri a mtundu wa R7, kapena a SV650 yanga amene anaima ngati chilembo V, kuphulika kwachiwiri kumabwera patapita madigiri 270, kenako pamakhala mpata wa madigiri 450. Ndiko kugunda kuja mumakumva, ngati mtima.

Tsono kamusi kopepuka kamatha kukwera ndi kutsika mwachangu. Pisitoni ya R6 ndi ya mamilimita 67 m'mimba mwake, ndipo ulendo wake wokwera ndi kutsika ndi mamilimita 42.5 okha. Ya R7 ndi ya mamilimita 80, ndipo imayenda mamilimita 68.6. Yaing'onoyo, pokhala yopepuka ndiponso ya ulendo waufupi, imalola injini kuzungulira mpaka cha m'ma 16,000 pa miniti osasweka. Yaikuluyo singafike kumeneko. Ndipo mahatchi amene mphwanga akuwawerenga pafoni si china ayi, ndi mphamvu yopotokola ya injini, imene amakaniko amati toki, kuchulukitsa ndi marevu, ndiko kuzungulira kwa injini pa miniti. Injini yozungulira kwambiri imalemba nambala yaikulu papepala ngakhale dzanja lake lisali lolemera.

Apa m'pamene pali nkhani yonse. Mahatchi 118 aja alipodi, si bodza. Koma khola lawo lili kumtunda kwenikweni, pa marevu 14,500. Toki ya R6 imafika pachimake, pafupifupi 62 Nm (Nm ndiwo muyeso wa toki), pa marevu 10,500. R7, imene mphwanga akuiderera, imapereka 67 Nm pa marevu 6,500 okha. Ndiye kuti pamene tonsefe timayenda tsiku ndi tsiku, muvi wa geji uli pa 4,000, pa 5,000, pa 6,000, njinga ya mahatchi 73 ndiyo ikukoka mwamphamvu kuposa ya mahatchi 118. Ndipo kuti ukatsegule khola lakumtunda lija, dziwa kuti R6 imapitirira makilomita 100 pa ola ikadali m'giya yoyamba. Magiya ena asanu akudikira. Ndiuzeni, pakati pa Tete ndi Calomue, ndi pati pamene munthu wokonda moyo wake angawamalize?

Ndikuonetseni chimene ndikunena. Mukachoka ku Moatize kulowera ku Zóbue pa msewu wa N7, mumapeza mathiraki a mafuta ndi a katundu ochokera ku Beira akupita ku Malawi, nthawi zina atatu kapena anayi atatsatana ngati ngolo. Ukadutsa Mussacama msewu umayamba kukwera, mathiraki amalema, ndipo iwe uli kumbuyo kwawo ukumwa utsi wa dizilo pa makilomita 40 kapena 50 pa ola. Umasuzumira, umabwerera, umasuzumiranso. Kenako mpata waoneka, waufupi, pakati pa kona iyi ndi inayo. Pa SV650 ndili m'giya yachinayi, ndimangokoka moto, njinga n'kundikankha pamsana nthawi yomweyo, ndadutsa, ndabwerera kumanzere kwanga, ndipo liwiro silinafike poti mtima uime.

Tsiku lina ndinayenda msewu womwewo pa njinga ya 600cc ya masilinda anayi ngati R6, ya mnzanga wina amene anandipempha kuti ndimuperekere ku Zóbue. Mpata woyamba utaoneka ndinakoka moto mwachizolowezi, m'giya yachinayi. Injini inangong'ung'udza, osanyamuka. Thiraki inali pambali panga, matayala ake akulu akuzungulira pafupi ndi bondo langa, ine ndili pakati pa msewu. Ndinabwerera kumbuyo. Mpata wachiwiri ndinatsitsa magiya awiri, ndipo muvi utadutsa 9,000 njinga inadzuka ngati yalumidwa ndi mavu. Thiraki ndinaidutsa ngati yaima, inde, koma pamene ndinkafika kutsogolo kwake, mphamvu inali ikungoyamba kumene, ndipo patsogolo panga panali kona, mchenga umene mvula inakokolera pa phula, ndi mayi atasenza mtolo wa nkhuni m'mphepete. Ndinagwira mabuleki ndi mtima wonse. Palibe chimene chinachitika, koma ndinaphunzira kuti pa njinga yotere mphamvu imachedwa pamene ukuifuna, n'kufika yonse pamene ukufuna kuima.

Wina anena kuti vuto linali ine, kuti njinga yotere umayenera kuisunga pa marevu apamwamba nthawi zonse. N'zoona. Pa bwalo la mpikisano, pamene ukudziwa kona iliyonse, palibe mbuzi, palibe mwana wothamangira mpira, aliyense akupita mbali imodzi, ndi mmene amayendetsera, ndipo kumeneko R6 imaisiya R7 kutali. Koma yesani kusunga injini pa marevu 10,000 kuchokera ku Mussacama mpaka ku Ulongwe, kudutsa m'midzi ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu. Mudzafika mutu ukuwawa, thanki itauma, ndipo anthu onse a m'njira atakutukwanani.

Tsono za kagwiridwe ka msewu, pamene anthu ambiri amanena zinthu zimene anangomva. Amati ya masilinda awiri n'njopepuka, ya anayi n'njolemera. Si nthawi zonse. R6 itadzaza mafuta imalemera makilogalamu 190, R7 imalemera 188. Kusiyana kwake n'kwa nkhuku imodzi. Chifukwa chake n'chakuti R6 anaipanga ndi zitsulo zodula, felemu ya aluminiyamu ndi zina zotero, pomwe R7 anaipanga kuti mtengo utsike. Kuti muone bwino zimene masilinda owonjezera amachita pa sikelo, yang'anani njinga ziwiri za Kawasaki za injini yofanana kukula, 399cc. Ninja 400, ya masilinda awiri, imalemera makilogalamu 168 ndipo imapereka mahatchi 45 pa marevu 10,000. ZX-4RR, ya masilinda anayi, imene inatuluka mu 2023, imalemera pafupifupi 189 ndipo imapereka mahatchi 77 pa marevu 14,500. Toki ya zonse ziwiri ili pakati pa 37 ndi 39 Nm, koma ya awiri imaipeza pa 8,000, ya anayi pa 13,000. Kampani imodzi, kukula kwa injini kumodzi. Masilinda awiri owonjezerawo agula mahatchi oposa 30, ndipo mtengo wake ndi makilogalamu oposa 20 ndi marevu amene uyenera kukwera kuti ukawapeze.

Chimene manja ndi maondo amamva pokhota si kulemera kokha ayi. Injini ya masilinda anayi omwe ali mumzere n'njotambalala, kilanki yake n'njaitali, ndipo ikamazungulira mwaliwiro imakana kupendekeka, monga nguli imene ikavina mwamphamvu siifuna kugwa. Pa makona otsatizana, kumanzere kenako kumanja, umachita kuikakamiza. Ya masilinda awiri n'njopyapyala pakati pa miyendo, imazungulira pang'onopang'ono, ndipo imagwera m'kona ngati yamva maganizo ako. Amene anakwerapo phiri la ku Songo, msewu uja wopita ku damu la Cahora Bassa, akudziwa makona amene ndikunena, opinda ngati chigongono, thanthwe mbali iyi, phompho mbali inayo. Kumeneko sufunsa kuti njinga imathamanga bwanji. Umafunsa kuti ukatuluka m'kona pa makilomita 35 pa ola, m'giya yachiwiri, n'kukoka moto pang'ono, ikuyankha bwanji.

Potsika phiri lomwelo pali chinanso. Ukabweza moto pa njinga ya masilinda awiri, mapisitoni akuluakulu aja amaigwira njinga okha, ngati wina akukukoka malaya kumbuyo. Mabuleki amapuma. Ya masilinda anayi ukabweza moto imangoserereka, ndipo ntchito yonse imagwera mabuleki. Koma pano ndichenjeze, chifukwa mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Pa ya masilinda awiri, ukatsitsa giya mwankhanza n'kusiya kilatchi mwadzidzidzi, tayala lakumbuyo limatha kudumpha kapena kutsetsereka, makamaka pa phula lonyowa la nkhungu ya kuno ku Angónia m'mawa wa mu Juni. Njinga zatsopano ngati R7 anaziika kilatchi yotha kuterereka pang'ono kuti izi zichepe. SV650 ngati yanga ilibe, ndipo dzanja lako ndilo liyenera kuphunzira ulemu.

Pali mfundo imodzi imene a masilinda anayi amandigonjetsa nayo, ndipo sindibisa. Njinga za 600 ngati R6, CBR600RR, GSX-R600 ndi ZX-6R zinapangidwa kuti zikapikisane, choncho mashoko ake ndi mabuleki ake ndi apamwamba kwambiri. Njinga zambiri za masilinda awiri za 650 zinapangidwa kuti munthu wamba akwanitse kugula, ndipo pamene anachepetsa ndalama ndi pa mashoko pomwepo. SV650 yanga ikagunda mabampu ili m'kona imagwedeza mutu, ndipo ndinachita kusintha mafuta ndi masipuling'i a mafoloko kuti ikhazikike. Koma onani kuti uku si kulakwa kwa masilinda awiri, ndi nkhani ya mtengo. Aprilia RS 660, imene inatuluka mu 2020 ndi mahatchi 100, ndi ya masilinda awiri, ndipo palibe amene amaidandaula pa makona. Komanso mashoko olimba a mpikisano anawapangira phula losalala ngati tebulo. Pa zigamba ndi maenje a misewu yathu, kulimba komweko kumakuponya m'mwamba, ndipo limu ya mainchesi 17 ikagunda mlomo wa dzenje imapindika mofanana, kaya pamwamba pake pali masilinda angati.

Mphwanga, pokhala mwana wa intaneti, anatulutsa mfundo yake yaikulu. "Nanga bwanji a Ducati eni ake anasiya masilinda awiri, amalume?" Funso labwino, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuifotokoza bwino, chifukwa mbali zonse ziwiri zimaitenga theka.

Mpikisano wa dziko lonse wa Superbike unayamba mu 1988. Kwa zaka zambiri malamulo ake ankalola njinga za masilinda awiri kufika 1000cc, pomwe za masilinda anayi zinkalekeza pa 750cc. Pansi pa lamulo limeneli Ducati inalamulira. Carl Fogarty anatenga chikho kanayi, mu 1994, 1995, 1998 ndi 1999, pa Ducati 916 ndi zotsatira zake. Zinafika poti Honda, kampani imene inadziwitsa dziko njinga ya masilinda anayi ndi CB750 mu 1969, inapanga yakeyake ya masilinda awiri, RC51, ndipo Colin Edwards anapambana nayo mu 2000 ndi 2002. Amene amakonda masilinda awiri amakonda kulekezera pamenepa. Koma chilungamo chake n'chakuti awiriwo ankapatsidwa injini yaikulu. Za masilinda anayi zitaloledwa kufika 1000cc kuyambira 2003, posakhalitsa zinaoneka kuti awiri akufunika kuwonjezeredwa, ndipo mu 2008 anawalola kufika 1200cc. Ducati inakulitsa mapisitoni mpaka pa 1299 Panigale anafika mamilimita 116, kukula ngati kambale ka ndiwo. Carlos Checa mu 2011 ndiye anali womaliza kutenga chikho pa Ducati ya masilinda awiri. Jonathan Rea anadzatenga kasanu n'kamodzi motsatizana, kuyambira 2015 mpaka 2020, pa Kawasaki ZX-10R ya masilinda anayi. Ducati inatulutsa Panigale V4 mu 2018, ndipo chikho chinabwerera kwawo mu 2022 ndi Álvaro Bautista. Choncho pa funso lakuti ndi injini iti imathamanga kwambiri kukula kukakhala kofanana, mlandu unatha kale. Anayi anapambana.

Koma theka linalo ndi ili, ndipo kwa ine ndi lokoma kuposa loyambalo. Pamene mahatchi anachuluka kufika poti tayala silingawapirire, akatswiri a masilinda anayi anayamba kufunafuna njira yoti injini zawo zizigunda ngati za masilinda awiri. Honda inayamba mu 1992 pa NSR500 ya Mick Doohan, kusonkhanitsa kuphulika konse pafupipafupi kuti pakhale mpata. Mu 2004 Yamaha inapatsa Valentino Rossi njinga ya M1 yokhala ndi kilanki yopingasa, imene inasokoneza dala kugunda kofanana kuja, ndipo anapambana nayo mpikisano wake woyamba pa Yamaha mu Epulo chaka chomwecho ku Welkom, konkuno kumwera kwa Africa. Mu 2009 kilanki yomweyo inafika pa R1 yogulitsa kwa anthu, kuphulika kwake kukubwera pa madigiri 270, 180, 90 ndi 180. Ngakhale Panigale V4 ija, kagundidwe kake a Ducati anakatcha Twin Pulse. Ena amafotokoza kuti mpata wa pakati pa kugunda umapatsa tayala nthawi yogwiranso phula. A Yamaha anafotokoza kuti kilanki yopingasa imachotsa kukankha ndi kukoka kochokera ku kulemera kwa mapisitoni, kuti dzanja la wokwera lizimva bwino zimene tayala likuchita. Kaya mutenge kufotokoza kuti, chimene onsewa ankasaka n'chimodzi: kuti munthu akakoka moto ali chopendekeka, adziwe chimene chichitike. Ngati Rossi ankachifuna chimenecho pa phula losesedwa, kuli bwanji ife amene timakhota pa fumbi la malasha?

Ndipo onani kumene msika wapita. Yamaha inasiya kugulitsa R6 yoyenda pamsewu ku Ulaya ndi ku America itatha 2020, ndipo chaka chotsatira inatulutsa R7. Malamulo a utsi anathandizira, komanso ogula eni ake anali atatopa ndi njinga zimene zimakoma pa bwalo pokha. Anthu a ku Ulaya, amene ali ndi misewu yosalala ndi mabwalo a mpikisano pafupi, anaona kuti 600 ya masilinda anayi yawachulukira. Ife ndiye tikuitolera kuti tiziyenda nayo ku Matundo.

Tibwere kwathu tsopano, ku zinthu zimene magazini a ku Ulaya salemba. Mzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala umapitirira madigiri 40, mphepo yochokera ku Zambezi ili ngati yotuluka mu uvuni. Ima pa mzere wolowera pa mlatho wa Samora Machel masana, pakati pa matxopela, tinjinga ta matayala atatu tonyamula anthu, ndi ma minibasi, utavala jekete ndi chipewa. Njinga ya 600 yokutidwa ndi mapulasitiki mbali zonse, imene anaipangira mphepo ya makilomita 200 pa ola, imayamba kuwira. Geji ya kutentha imadutsa madigiri 100, fani imalira osaleka, ndipo moto wonse umatulukira pa ntchafu zako. Giya yake yoyamba, pokhala yaitali, imakukakamiza kuyenda pa theka la kilatchi, dzanja lamanzere n'kuchita dzanzi. Sindikunena kuti za masilinda awiri zonse n'zozizira ayi. Ducati zazikulu, zimene silinda yakumbuyo ndi paipi ya utsi zili pansi pa mpando, zimaotcha koposa. Koma 650 kapena 700 wamba, ya mphamvu zochepa, imatulutsa kutentha kochepa ndipo imakwawa pa mzere popanda kuvutitsa kilatchi.

Petulo nayenso. R6 imapanikiza mpweya ka 13.1, R7 ka 11.5. Injini yopanikiza kwambiri imafuna petulo wabwino, woyera. Tonse tikudziwa kuti ukalowera ku Furancungo kapena ku Tsangano, nthawi ina umathera pa petulo wa m'mabotolo pansi pa mtengo, amene sudziwa kuti wakhala m'chigubu chotani. Ndipo masilinda anayi ozungulira kwambiri amamwa kuposa awiri, ngakhale pano ndivomereze kuti thanki ya R7 ndi ya malita 13 okha pomwe ya R6 ndi ya 17, choncho pa mtunda umene ungayende usanathire, kusiyana sikukula monga mmene munthu angaganizire. Kusiyana kumaoneka m'thumba.

Nanga ikadwala? Masilinda anayi ndiye kuti mapulagi anayi, makoyilo anayi, mavavu 16 oti ayezedwe, ndipo zonsezi zapanikizana pansi pa thanki moti kuti ufike pa pulagi umayamba wachotsa theka la njinga. Masilinda akakhala awiri, ntchitoyo imachepa. Amakaniko athu ndi aluso, ndawaona akuukitsa Lifan imene wina aliyense akanaitaya, koma luso lawo analiphunzira pa silinda imodzi. Mnzanga uja wa 600 anaisiya kwa makaniko wina itayamba kudumphadumpha. Anaimasula ndi mtima wabwino, koma poibwezera nthawi ya mavavu inaphonyeka, ndipo pa injini yothina chotero pisitoni ndi vavu zikakumana palibe kukhululuka. Njinga inakhala m'shedi miyezi isanu ndi iwiri, itafundidwa chitenje, ikudikira zipangizo zochokera ku Joni. Mwini wake ankapita kuntchito pa kabaza, akulipirabe ngongole ya njinga imene sakuikwera. Walira mvula walira matope, inde, koma matope ena munthu ungathe kuwaona usanalire.

Pano ndisapusitse munthu. Si ya masilinda awiri iliyonse imene ili yosavuta. Ducati ya mavavu amene amatsekedwa ndi chitsulo m'malo mwa sipuling'i imafuna katswiri ndi zida zake, ndipo sindingalangize munthu wa ku Macanga kuti aigule. Ndikunena za SV650, imene inayamba kupangidwa mu 1999 ndipo zipangizo zake zili ponseponse, za Ninja 650, za R7 imene injini yake ndi yomweyo ili mu MT-07 ndi Ténéré 700. Ndipotu munthu atandifunsa njinga yoyenera chigawo chathu chonse, phula ndi fumbi lomwe, ndingamulozere Ténéré yomweyo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo mnyamata amene mtima wake uli pa njinga yogonera pathanki sangandimvere.

Chimene chimandipweteka mtima kwenikweni si ndalama kapena zipangizo. Ndi chakuti anyamata athu amadumpha kuchoka pa 125 kapena 150, ya mahatchi 10 kapena 12, n'kukagwera pa mahatchi 118, popanda sitepe ina pakati. Ndipo 600 ya masilinda anayi ili ndi chinyengo chimene ya awiri ilibe. Pansi n'njofatsa, yosalala, yaulemu, moti tsiku loyamba mnyamata amati, "Aa, ndi imeneyi basi? Ndaizolowera kale." Amakhala sabata akuyenda pa marevu 5,000, akudziona ngati katswiri. Tsiku lina, pa msewu wowongoka wa ku Changara, anzake akumuyang'ana, amakoka moto mpaka kumapeto, ndipo amakumana ndi njinga ina imene sanaionepo, pa liwiro limene maso ake sanaphunzire kuwerenga. Ya masilinda awiri imakuuza zoona tsiku loyamba lomwelo. Ukakoka moto mwamwano imakukankha pomwepo, pa makilomita 30 pa ola, pamene kulakwa kumathera pa kukalika chigongono. Umaiopa msanga, ndipo umaiphunzira ili pa liwiro loti ungaphunzirepo. Ndaperekeza maliro a ana a anzanga okwanira, ndipo mwana wa achemwali anga sindifuna kumunyamula.

Ndikudziwa chimene chikumukoka. Ndi kulira kuja. Ndi kufika pamalo anyamata onse n'kutembenuka. R7 ikalira, wosadziwa amayesa ndi njinga wamba yokulirapo. R6 ikalira, ngakhale agogo amatulutsa mutu pazenera. Chilakolako chimenecho sindichinyoza, chifukwa munthu amene wakhala zaka zitatu m'fumbi la mgodi, usiku ndi usana, ali ndi ufulu wofuna chinthu chokongola, osati chothandiza chokha. Ndipo munthu amene wakwera njinga zazikulu zaka zambiri, amene ali ndi galimoto yoyendera masiku onse, amene angathe kupita nayo ku Kyalami kapena ku bwalo lina kukaitsegula bwinobwino, ameneyo agule masilinda anayi, ndidzapita kukamvera nawo. Ngati mtima wakana ndithu kusiya anayi, pali Honda CBR650R, imene mphamvu yake anaitsitsira pakati ndipo siluma ngati R6, ngakhale imalemera kupitirira makilogalamu 200. Koma mphwanga njinga yake idzakhala imodzi yomweyo, ya kuntchito, ya kumudzi, ya kukaona chibwenzi ku Domwe.

M'mawa mwake ndinamupatsa makiyi a SV650 kuti apite ku Calomue n'kubwerera. Anakhalako nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera. Atafika anavula chipewa, tsitsi lili nyowe ndi thukuta, n'kukhala kaye pa njinga injini itazima, zitsulo zikuchita thethethe pozizira.

"Amalume, pa zitunda zonse zija sindinatsitse giya," anatero. Anakhala chete pang'ono, kenako anatulutsa foni n'kuyang'ananso chithunzi cha R6 chija. "Komabe iyi ndi yokongola."

"N'njokongoladi, mphwanga," ndinamuyankha.

Tagwirizana kuti ndalama azigwire kaye mpaka Disembala. SV ndamubwereka, wapita nayo ku Moatize. Ndamuuza kuti aidutsitse pa mlatho masana dzuwa lili paliwombo, akwere nayo ku Songo tsiku lopuma, adutse nayo mathiraki a pa Mussacama kangapo, ndipo tsiku lililonse aziyang'ana pamene muvi wa marevu ukukhala. Ine pakali pano ndabwerera pa Lifo yanga yakale, ndipo Loweruka lililonse madzulo ndimamuimbira foni kumufunsa ngati wathira mafuta pa tcheni.